Mausi yogona chagada

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za kabokosi kamatabwa kali pa kompyuta ya pakona, kaja kali ndi mpira pamwamba ndi mabatani awiri akuluakulu. Ena akuti tinagula ku Lilongwe, ena akuti anatisiyira alendo, ndipo wina wa Fomu 4 anachita kundiuza pamaso kuti mwana wa Fomu 2 sangapange zimenezo, ndi bodza. Ndiye ndati ndilembe kamodzi n'kamodzi pano, pakamwa pangatope. Mnzanga amene nkhaniyi ikumukhudza ndamuwerengera kaye ndipo wavomera kuti ndiimate, bola ndisatchule dzina. Olo ndisatchule, mukumudziwa.

Iyeyu tinayamba limodzi Sitandade 1, ndipo mpaka pano timayenda limodzi makilomita 7 kubwera kuno, 7 kubwerera. Pa masamu palibe amamuposa m'kalasi mwathu, zimenezo ngakhale inu simungatsutse. Koma manja ake anabadwa nawo ovuta. Zala sizipinda bwino, ndipo akafuna kugwira kanthu kakang'ono dzanja limanjenjemera. Kulemba amalemba ndithu, pang'onopang'ono, cholembera atachifumbata ngati mpini wa khasu.

Vuto linayamba ku kalabu ya kompyuta. Mukudziwa kuti makompyuta athu alipo anayi okha, amayendera sola, ndipo Lachitatu masana aliyense amapatsidwa mphindi 10. Mnzangayu kamuvi amakafikitsa bwinobwino pamene akufuna. Koma akati adine batani, dzanja lonse limagwedezeka, mausi n'kusuntha, kamuvi n'kuthawira kwina. Kudina kawiri motsatizana ndiye kunali kosatheka. Mphindi zake 10 zinkathera pa kutsegula fayilo imodzi. Tsiku lina ife tili pamzere kumbuyo kwake, ine amene ndinati, "Aise, tachita changu, dzuwa likulowa, batire itha." Anthu anaseka. Iye anangodzuka, n'kundisiyira mpando. Ulendo wobwerera tsiku limenelo tinayenda makilomita onse 7 osalankhulana. Sabata yotsatira sanabwere ku kalabu, ati akukadyetsa mbuzi. Kwawo kulibe mbuzi.

Loweruka lililonse ndimathandiza malume anga pamsika. Ali ndi kashopu kokonzera mawailesi, matochi ndi mafoni, amatchajitsa, komanso amabena nyimbo pa kompyuta yawo yakale. Anakhalako ku Joni zaka zingapo, ndipo pobwera anabwera ndi makatoni a zinthu zakufa zimene mayi anga amangoti zinyalala. Loweruka lina ndikufuna sikuluu m'katoni ya pansi pa tebulo, ndinatulutsa chinthu chapulasitiki wakuda, cholemera, pakati pake pali mpira woyera wofanana ndendende ndi mpira wa puulu. Nditaukankha ndi chikhatho unazungulira wokha kwa kanthawi, uku ukulira ngati njinga ikutsetsereka.

"Malume, ichi n'chiyani?"

"Imeneyo ndi trackball, mphwanga. Inali pa makina a gemu, aja oponyamo ndalama yachitsulo. Ku Johannesburg amapezeka m'mashopu ena. Mwini wake anataya makinawo atafa sikirini, ine ndinangozulako chimenechi ndi mabatani, ndimati mabering'i ake adzandithandiza." Kenaka anawonjezera mawu amene anandisowetsa tulo usiku umenewo: "Kunena zoona ndi mausi basi, kungoti yagona chagada."

Ndinayamba kuganiza. Pa mausi, chimene chimayenda ndi chimene umadina ndi chinthu chimodzi, n'chifukwa chake ukanjenjemera podina kamuvi kamathawa. Koma apa bokosi likhala phee pa tebulo. Ukankha mpira ndi chikhatho, kamuvi kakafika uchotsa dzanja, n'kukadina batani lomwe lili pambali. Olo udine ndi chibakera, kamuvi sikasuntha.

Loweruka lotsatira malume anafukula mausi yakalekale, ija ya kampira kunsi, n'kuitsegula kuti ndione. Ambiri a inu simunaionepo. Mkati muli kampira kolemera, kachitsulo kokutidwa ndi labala. Kakamazungulira kamakhudza timitengo tiwiri, kena ka kumanja ndi kumanzere, kena ka kumwamba ndi kumunsi. Kumapeto kwa kamtengo kalikonse kuli kagudumu kokhala ndi timipata tambirimbiri ngati masipoko a njinga. Mbali imodzi ya kagudumuko kuli kanyali, mbali inayo kuli kadiso. Kuwala kwa kanyaliko maso athu sakuona, koma malume atalozetsa kamera ya foni, kanaoneka kakuyaka mofiirira. Kagudumu kakamazungulira, kuwala kumadutsa, kutsekeka, kudutsa, kutsekeka, ndipo ka chip ka pa bolodi kamawerenga kuphethirako n'kuuza kompyuta kuti kamuvi kayende mtunda wakuti. Titatsegula trackball ija tinapezamo zomwezo: mpira wakhala pa timitengo tachitsulo titatu ta mabering'i, ndipo tiwiri mwa ito tili ndi magudumu a timipata, nyali ndi maso.

Funso langa linali lakuti, nanga imadziwa bwanji kuti ukupita kumanja kapena kumanzere, poti kuphethira n'kumodzimodzi? Malume anati kadiso kaja sikamodzi ayi, ndi maso awiri oyandikana m'kanyumba kamodzi. "Taganiza njira ya kwanu ija," anatero. "Pali mjigo, patsogolo pang'ono pali mtengo wa mango. Munthu akadutsa pa mjigo kaye kenaka pa mango, ukudziwa kuti akupita kumsika. Akayamba pa mango n'kumalizira pa mjigo, akubwerera kumudzi. Sufunika kumufunsa." Ndi mmenenso zilili umu. Diso limene layamba kuona kuwala ndi limene likunena kumene gudumu likulowera.

Ndiye nzeru yake inali yosavuta kuinena. Trackball ili ndi maso koma ilibe pakamwa polankhulira ndi kompyuta. Bolodi la mausi lili ndi pakamwa. Uzule maso a mausi, pamalo pake ulumikize mawaya ochokera ku maso a trackball, ka chip kaja kazingoganiza kuti ndi kampira kake kakale kakuzungulira. Mawaya ofunika ndi 6: wa moto wa mavoti 5, wa negetivu, awiri a kumanja ndi kumanzere, awiri a kumwamba ndi kumunsi. Ndinafunsa ngati tingagwiritse ntchito mausi za masiku ano zoyaka mofiira kunsi, zomwe zili mbwee pamsika. Anati ayi. Zimenezo mulibe magudumu owerengera kuyenda kwa kamuvi, muli kakamera kakang'ono kojambula tebulo, ndiye palibe polumikiza. Ikufunika ya kampira basi, ndipo m'shopu monse inalipo imodzi yomweyo.

Malume anati tidzapange limodzi Loweruka linalo. Koma tsikulo litafika kunagwa maliro kuchimuna kwa azakhali, iwo n'kundisiyira shopu. Pochoka anati, "Uzingotchaja mafoni ndi kubena nyimbo. Zija usakhudze." Chitsulo chawo chowotcherera chamagetsi anachitsekera m'dirowa. Ine mtima unali utathamanga kale. Ndinkadziona Lachitatu ndikulowa m'kalabu ndi chinthucho m'manja, anthu onse kukamwa yasa. Ndinatenga chitsulo chakale chamkuwa, chija chotenthetsa pamoto, mutu wake ngati chala chachikulu, n'kukachiika pa moto wa achimwene a chiwaya.

Chinatentha mopitirira. Pozula diso loyamba, timizere tamkuwa ta pa bolodi tinamatuka ngati khungu la mbatata yowotcha. Ndinangoti zilibe kanthu, n'kuthirapo mtovu wambiri kuti zigwirane. Mita yoyezera inali pomwepo pa tebulo, koma sindinaigwire n'komwe. Ndinazimitsa kompyuta ya malume, n'kulowetsa pulagi ya mausi ija, yozungulira yobiriwira, pafupi ndi ya kiyibodi, kenaka n'kuyatsa.

Kanayamba ndi kafungo ka pulasitiki wopserera. Tinyali ta pa kiyibodi sitinayake. Pa sikirini yakuda panabwera mawu oti kiyibodi siikupezeka, ndipo ndidine F1 kuti ipitirize. Ndidine pa chiyani, poti kiyibodi yake ndi yomwe yafayo? Ndinazimitsa pakhoma, miyendo ili zii. Linali tsiku la msika. Anthu ankabwera ndi mamemore khadi awo, ine n'kumawauza kuti kompyuta yadwala, iwo n'kumawolokera kwa wobena wina kutsidya kwa msewu. Anzanga, kompyuta imeneyo ndi imene imadyetsa banja la malume, ndipo theka la fizi yanga limachokera pomwepo. Tsiku lonse sindinayerekeze kuikhudzanso. Nsima ya masana sinalowe.

Malume anafika dzuwa litapendeka. Ndinaganizapo zonama kuti magetsi anabwera mwamphamvu, koma bolodi lopserera linali pa tebulo, ndiye ndinangonena zonse. Sanakalipe. Anazula mausi yanga, n'kuyatsa kompyuta, tinyali ta kiyibodi n'kuphethira ngati palibe chinachitika. Anati mkati muli kafyuzi kamene kamadula moto zinthu zikagundana, kakazizira n'kubwerera kokha, ndipo kiyibodi ndi mausi zimamwera pa kafyuzi kamodzi komweko. Kenaka anatenga mita, n'kugunditsa nsonga zake pa waya wa moto ndi wa negetivu pa bolodi langa. Inalira kuti tswiii. Dontho la mtovu linali litalumikiza ziwirizo.

"Wamva? Ikanakuuza m'mawa muja, ulele. Safunsa anadya phula, mphwanga. Makompyuta ena alibe kafyuzi kotere, ukanandiphera ntchito." Ndalama za tsiku la msika zinapita, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka zitatu ndigwira osalandira kanthu. Bolodi la mausi ndiye linatheratu. Mwamwayi trackball inapulumuka.

Lolemba panjira ndinamuuza mnzanga uja nkhani yonse. Ndinkayembekeza kuti athokoza, kapena aseka. Anaima pakati pa msewu.

"Anakutuma ndani?"

"Palibe. Ndimafuna ndikuthandize."

"Unandifunsa? Poyamba unandiseketsa pagulu. Pano ukufuna undibweretsere chimpira changa changa, aliyense azibwera kudzaonerera mmene wolumala amagwirira kompyuta. Iwe uziwomberedwa m'manja."

Ndinasowa choyankha chifukwa mbali ina ankanena zoona. Za m'manja zija ndinaziganiziradi. Ndipo ndinazindikira kuti kuyambira tsiku la ku kalabu lija ndinali ndisanapepese. Ndinkafuna mawaya andipepesere. Ndinati, "Pepa, aise. Ndinalakwa tsiku lija, ndalakwanso posakufunsa." Sanayankhe. Tinayenda mpaka pa mlatho, ndiye anati, "Maso awiri aja wati amadziwa bwanji kolowera?" Ndinamufotokozera za mjigo ndi mango. Anati, "Loweruka ndibwera ndidzaone. Koma chikatheka chikhale cha aliyense, osati changa."

Tsopano mausi ina ya kampira tiipeza kuti? Tinapita limodzi kwa aphunzitsi a kalabu. Ine ndinati, "Sala, tikupempha mausi yakufa." Anatiyang'ana kaye ngati tapenga, koma titalongosola anatitengera ku stoo, kumene kuli katoni ya zinthu zimene zinabwera ndi makompyuta akale. Munali mausi za kampira ziwiri, imodzi yoduka chingwe. Anatipatsa zonse, atalemba m'kaundula, ndi lamulo limodzi: chisalowe pa kompyuta ya sukulu asanachione chikugwira kwina.

Anatiuzanso zimene sitinkadziwa, kuti chogona chagadachi ndiye chachikulu kubadwa. M'chaka cha 1952 mainjiniya a ku Canada, popanga makina a asilikali apamadzi, anapanga trackball pogwiritsa ntchito mpira wa masewera a bowling. Mausi inabwera pambuyo. Douglas Engelbart wa ku America anaionetsa kwa anthu mu 1968, ndipo yoyambirira yeniyeni inali kabokosi kathabwa ka magudumu awiri. Pa makina a magemu, kampani ya Atari inaika trackball pa Missile Command mu 1980 ndi pa Centipede mu 1981, gemu yowombera nankalizi. Mnzanga anati, "Ndiye ife ndi kabokosi kathu kathabwa tikungobwerera kumene anayambira." Sala anaseka.

Ulendo wachiwiri tinagwira atatu. Malume anagwira chitsulo chamagetsi chosongoka ngati pensulo. Mnzanga anatenga kope n'kujambula mapu a mawaya onse tisanawotcherere kalikonse. Ine ntchito yanga inali mita. Ndinkafuna kungoti waya wofiira ndi wa moto, wakuda ndi negetivu, monga mu wailesi, koma malume anandiletsa. Anati m'zingwe za mausi zakalezi kampani iliyonse inkaika mitundu yakeyake, ndiye mtundu wa waya si umboni. Tinayeza, ndipo zoonadi wa mavoti 5 sanali wofiira. Kadiso kalikonse kanali ndi miyendo itatu. Wapakati unali wa moto, iwiri ya m'mbali ndiyo yopita ku chip. Malume anazula timaso tiwirito mofatsa, kukhudza pang'ono n'kuchotsa, ndipo m'mabowo a m'mbali tinalowetsa mawaya anayi a trackball. Tisanalowetse pulagi ndinayeza moto ndi negetivu katatu. Mita inakhala chete.

Titayatsa, kiyibodi inayaka bwinobwino. Mnzanga anakankha mpira kutsogolo, kamuvi n'kukwera. Tinakuwa mpaka achimwene a chiwaya anabwera kudzasuzumira. Koma atakankhira kumanja, kamuvi kanapita kumanzere. Ine ndinati basi tapsanso. Malume anayamba kukanda m'mutu. Mnzanga anayang'ana mapu ake n'kunena kuti, "Palibe chafa apa. Mjigo mwauika pa mango, mango pa mjigo. Sinthanitsani mawaya awiri awa." Tinazimitsa, kusinthanitsa, kuyatsanso. Kumanja kunakhala kumanja. Malume anamugwira paphewa n'kuti, "Iwe ukamaliza sukulu usapite kutali."

Mabatani sanavute. Batani la mausi ndi kaswitchi chabe, ndiye tinawotcherera mawaya awiri pa miyendo yake n'kuwapititsa ku batani lalikulu la makina a gemu lija, kumanzere lofiira, kumanja lachikasu. Bokosi anatikhomera akalipentala oyandikana ndi malume, ndi zidutswa zotsala pa chitseko. Malo a mabatani anasankha mnzanga. Ine ndinkafuna akhale pafupi ndi mpira kuti zizioneka bwino, iye anati atalikirane, kuti dzanja likamapita kukadina lisagunde mpira. Kunsi tinamata zidutswa za chubu cha njinga kuti bokosi lisamaterereke.

Sala anabwera okha ku shopu kudzaliona likugwira, kenaka analola. Lachitatu limenelo mnzanga anabwerera ku kalabu. Sanakhale woyamba kuligwira, anadikira anthu atatu ayambe alimbana nalo, onse akupitirira pamene akufuna chifukwa mpirawo ndi wolemera, ukaukankha kwambiri umapita wokha. Itafika nthawi yake anaika chikhatho, kamuvi n'kukaima pa fayilo, anachotsa dzanja, n'kumenya batani lofiira kawiri. Fayilo inatseguka. Palibe anawomba m'manja, ndipo ndi mmene iye ankafunira. Mphindi zotsalazo analemba tebulo la mamakisi ndi kuwerengetsa avereji, ife tikuvutikabe kupeza pamene pali chizindikiro chowonkhetsera.

Sikuti zonse zatheka. Kukoka chinthu pa sikirini kumafuna kuti ugwire batani uku ukuzunguza mpira, ndipo zimenezo zikumuvutabe. Akuti tiikepo switchi yokhala ngati ya tochi, yoti ukadina imakhala yodinika mpaka udinenso. Tikuyesa pa mausi yoduka chingwe ija. Kiyibodi nayonso mabatani ake ndi ang'onoang'ono, ndipo pamenepo nzeru sitinaipeze. Loweruka zanga zitatu zaulele ndinamaliza sabata yatha.

Ndiye ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, bokosilo ndi la aliyense monga anafunira mwini nkhani, koma iye akafika musachite kuuzidwa, pali makompyuta ena atatu amene inu mungagwiritse ntchito. Lachiwiri, musaligwire ndi manja a mafuta a mandasi. Mafuta ndi fumbi zikalowa pa timitengo tija mpira umayamba kuterereka, ndipo kutsegula n'kupukuta kumatidyera nthawi ya kalabu. Komanso musazule pulagi yobiriwira kompyuta ili yoyaka. Lachitatu, ngati kwanu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kuntchito kwa achibale anu kuli mausi yakale ya kampira imene ikungodya fumbi, musataye. Bweretsani ku Fomu 2, mufunse mnyamata amene anatsala pang'ono kuwotcha kompyuta ya malume ake. Aliyense akulozerani.